Kudula thabwa mowongoka ndi jigsaw: kwa abale a ku Joni ndi ku UK

Ambiri mwa abale athu akayamba maganyu okonza makabati ndi mashelefu ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Manchester, makina oyamba kugula amakhala jigsaw, sowo yamagetsi ya kabledi koyenda mokwera ndi kutsika, poti ndi yotsika mtengo komanso imakwana m'chikwama. Koma dziwani kuti jigsaw anaipangira kudula mokhota. Bledi yake ndi yopyapyala, ndipo imagwidwa kumtunda kokha, kunsi imangolendewera. N'chifukwa chake pamwamba pa thabwa mzere umaoneka bwino, koma mukatembenuza mumapeza kuti wapendekeka.

Yambani ndi bledi. Yopapatiza ija ndi yodulira zozungulira, isiyeni. Pofuna kuwongola tengani yotakata ndi yokhuthala, ndipo ikhale yatsopano, chifukwa bledi imene mano ake atha mbali imodzi imakokera kumbali komweko ngakhale mugwire motani. Pa mabledi a Bosch, T101B imadula mosalala pa pulayiwudi ndi paini, pamene T144D ndi yothamanga koma imasiya m'mphepete mokhakhala. Italike moti ikakwera mmwamba nsonga yake izitulukabe kunsi kwa thabwa.

Musanayatse, chotsani pulagi kapena batire, muike sikweya pakati pa bledi ndi phazi la makina, kachitsulo kafulati kamene kamatsamira pa thabwa. Phazilo limapendekeka mpaka madigiri 45, ndipo kasikulu kake kakamasuka pang'ono, mudzataya thabwa lathunthu musakudziwa chifukwa. Kabatani ka m'mbali kolembedwa 0 mpaka 3 kamakankhira bledi kutsogolo. Kaikeni pa 0 kapena 1.

Chachikulu ndi chowongolera. Ambiri amamanga thabwa lowongoka ndi makilampu awiri, n'kuyeza mtunda wochokera pa bledi kufika m'mphepete mwa phazi. Zimatheka, koma kuyezayeza kumeneku n'kumene kumaba mamilimita awiri kapena atatu. Njira yabwino ndi iyi. Tengani pulayiwudi ya mamilimita 6, yotakata masentimita 20, yotalika kuposa chimene mukudula. Pamwamba pake matani ndi guluu kathabwa kowongoka ka mamilimita 18, mbali yochokera kufakitale iyang'ane kodulira. Guluu akauma, tsamiritsani phazi la jigsaw pa kathabwako ndi kudula pulayiwudi yotsalayo. M'mphepete mwatsopanomo ndi momwe bledi yanu idzadutse nthawi zonse. Basi, mumangoika m'mphepetemo pa mzere wa pensulo, kumanga makilampu, n'kudula. Mukasintha mtundu wa bledi, yesani kaye pa kachidutswa, pakuti makulidwe amasiyana.

Podula, yatsani makina bledi isanakhudze thabwa. Tsindikirani pansi ndi kumbali kwa chowongolera, koma kutsogolo musakankhe. Mano adye okha. Mukamva mota ikulira mwaulesi kapena utuchi ukununkha kupsa, mwafulumira. Bledi ikayamba kupatuka musaikakamize kubwerera ili mkati, ipindika kwambiri. Zimitsani, bwererani pamene mzere unali bwino, muyambirenso pang'onopang'ono. Chidutswa chimene chigwe chikhale ndi pochirikiza, apo ayi chimathyoka chokha kumapeto n'kung'amba ngodya.

Bledi wamba imadula ikamakwera, choncho imatotola pamwamba. Mbali yokongola ya thabwa iyang'ane pansi. Pa melamine (thabwa lokutidwa ndi pulasitiki) wa mamilimita 16 amene amapangira makabati a kukhitchini ku South Africa, matani tepi ya pepala pa mzere, kapena gulani T101BR ya mano oyang'ana pansi. Imeneyi imafuna kabatani kaja pa 0 ndi dzanja lolimba, chifukwa imakankhira makina mmwamba.

Thabwa likapitirira mamilimita 40, kapena likakhala lolimba ngati mlombwa ndi mbawa, musadzivute. Bwerekani sowo yozungulira, kapenanso dulani motalikira mzere ndi mamilimita 2 n'kumalizitsa ndi puleni, monga amachitira akalipentala a ku Ndirande. Paini wauwisi, amene sasowa m'malo ogulitsira matabwa kuno ku Blantyre, amafinya bledi ndi kuimata utomoni, muumitseni kaye.

Kwa inu amene mukuganiza zotumiza makinawa kumudzi: magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndipo masoketi athu ndi a mano atatu a makona, ofanana ndi a ku UK. Ya ku Joni imangofunika kusintha pulagi. Koma jigsaw ya ku America, kapena ya pulagi yachikasu ya mavolti 110 ya pamalo omanga ku UK, siyenera kulowa pa soketi ya kuno popanda thiransifoma, ipsa. Onetsetsaninso ngati imalandira mabledi a mutu wa T kapena wa U, ndipo muikemo mapaketi angapo m'katundu yemweyo.