Momwe mungalembere mbiri ya nkhondo ya ku Mozambique kuchokera pakamwa pa akuluakulu akwanu

Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO inatha mu 1992. Mayi amene anawoloka malire mu 1986 ali ndi zaka 30, mwana kumbuyo mtolo pamutu, lero wadutsa kale zaka 60, ndipo anzake ambiri anatsikira kulichete. Ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, komanso tsidya lina ku Angónia, Mutarara ndi Milange, kukadali anthu amene anaiona nkhondoyi ndi maso. Mabuku amakamba za atsogoleri ndi mapangano, koma za anthu awa zinalembedwa zochepa kwambiri. Ngati muli ndi foni yojambula mawu, kope ndi cholembera, ntchitoyi mungathe kuigwira.

1. Yambani mwamvetsa chimene chinabutsa nkhondo

Osapita kwa agogo muli mbuli, chifukwa mudzangoti "eya, eya" osadziwa pofunsa.

Mozambique inalandira ufulu kuchoka m'manja mwa Apwitikizi pa 25 Juni 1975, Samora Machel n'kukhala pulezidenti. Mu 1977, pa msonkhano waukulu wachitatu wa chipani, FRELIMO inalengeza kuti ikutsata chikomyunizimu cha Marx ndi Lenin. M'zaka zimenezi nthaka yonse inakhala ya boma, ndipo sukulu ndi zipatala za mishoni zinatengedwa. Boma linayesetsa ndithu pa katemera ndi sukulu za kwacha, zimenezo musazibise. Koma mafumu analandidwa mphamvu powanena kuti anali atumiki a atsamunda, anthu akumidzi ankasamutsidwa kukakhala m'midzi ikuluikulu ya boma kutali ndi minda ndi manda a makolo awo, ndipo okayikiridwa ankatumizidwa ku makampu akutali akuti akasinthidwe maganizo.

Kunjaku kunalinso moto. Mu Malichi 1976 Machel anatseka malire ndi Rhodesia (lero Zimbabwe), ndipo ankalola asilikali a ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, kumenya boma la azungu la Ian Smith kuchokera ku Mozambique. Akazitape a Rhodesia, motsogozedwa ndi Ken Flower, anathandiza kukhazikitsa RENAMO kuti izisokoneza Mozambique. Mtsogoleri wake woyamba, André Matsangaissa, anaphedwa ku Gorongosa mu 1979, ndipo Afonso Dhlakama analowa m'malo. Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma la tsankho la South Africa ndilo linatenga udindo wopereka zida ndi maphunziro kwa RENAMO, pamene FRELIMO inkalandira zida kuchokera ku Soviet Union.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: zida zinkachokera kunja, koma kumidzi kunali kale madandaulo amene RENAMO inapezerapo mwayi. Wolemba amene angonena kuti inali nkhondo ya chikomyunizimu basi wasiya theka la nkhani. Agogo sadzakuuzani za Marx. Adzakuuzani za munda wawo wa kudimba umene anawauza kuti ausiye, ndi za mfumu yawo imene inanyozedwa pagulu.

2. Lembani zaka zikuluzikulu pa pepala limodzi

Akuluakulu ambiri sawerenga zaka ndi manambala, amakumbukira ndi zochitika. Pepalali ndi limene lidzakuthandizeni kudziwa kuti nkhani imene mukumva inachitika liti.

Pa 16 Malichi 1984 Machel ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, anasainirana pangano la Nkomati loti aliyense asiye kuthandiza adani a mnzake, koma thandizo kwa RENAMO silinathe. Chaka cha 1986 chilembeni ndi zilembo zikuluzikulu. Mu Seputembala chaka chimenecho Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu Banda, pomudandaulira kuti RENAMO ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, zimene boma la Kamuzu linkakana. Miyezi yomweyo nkhondo inakula kwambiri ku Zambézia ndi Tete, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno mwaunyinji. Pa 19 Okutobala Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ku South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Zambia, ndipo Joaquim Chissano anatenga mpando. Ndiye mukamva kuti "tinathawa Samora atangofa kumene", mwadziwa chaka.

Onjezani izi: mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukateteza njanji ya ku Nacala, monga momwe a Zimbabwe ankatetezera njira ya ku Beira. Mu Julayi chaka chomwecho anthu oposa 400 anaphedwa ku Homoíne, kumwera kwa Mozambique. Mu 1989 FRELIMO inasiya chikomyunizimu, mu 1990 kunabwera malamulo atsopano olola zipani zambiri, ndipo pa 4 Okutobala 1992 Chissano ndi Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Chilala cha 1992 ndi referendamu ya ku Malawi ya 1993 ndi zizindikiro zina zimene aliyense amakumbukira.

3. Dzerani kwa amfumu

Mlendo salowa m'mudzi ndi foni m'manja n'kuyamba kufunsa za nkhondo. Kaonekereni kwa amfumu, fotokozani cholinga, ndipo nenani poyera kuti simunabwere kudzalemba mayina a chithandizo. Funani anthu amitundumitundu: othawa nkhondo amene anakhazikika kuno, eni mudzi amene anawalandira, aphunzitsi ndi azaumoyo opuma amene anagwira ntchito m'makampu, asilikali opuma a ku Nacala, ndi madalaivala a malole amene ankadutsa msewu wa Tete pamdipiti woperekezedwa ndi asilikali. Popita tengani kashuga kapena sopo, monga mwa ulemu wa kwathu.

4. Funsani modekha, ndipo yambani ndi zazing'ono

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Pemphani chilolezo musanayambe kujambula, ndipo chilolezocho chimveke m'mawu ojambulidwawo. Tchajani foni mokwanira, tsekani netiweki kuti isalire pakati pa nkhani, ndipo iikeni pamphasa pafupi ndi wolankhulayo, kumbali kopanda mphepo. Mukhale pansi. Ngati ndi mayi, ndi bwino wofunsa akhalenso wamkazi ndipo amuna atalikire, chifukwa pali zina zimene amayi anakumana nazo zomwe sanganene mkamwini ali pomwepo.

Musayambe ndi funso loti "Nkhondo inali bwanji?" Funso limenelo limabweza yankho limodzi: "Inali yoopsa, mwanawe." M'malo mwake funsani kuti: "Agogo, kumudzi kwanu munkalima chiyani nkhondo isanafike?" Kenako: "Tsiku limene munachoka, munanyamula chiyani? Munayenda usiku kapena masana? Mtsinje munawoloka pati? Munafikira kwa yani?" Munthu akakumbukira mphika umene anausiya pamoto, zina zonse zimabwera zokha. Akangokhala chete, inunso khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambiri adzatchula RENAMO kuti Matsanga, potengera dzina la mtsogoleri woyamba uja. Lembani mawu awo momwe awanenera, osawakonza.

Funso limodzi musalifunse: "Inu munali mbali iti?" Anthu ambiri sanasankhe mbali. RENAMO inkagwira anyamata ndi ana kuti akhale asilikali, ndi kukakamiza anthu kusenza katundu mitunda italiitali. Boma nalo linkagwira achinyamata kupita nawo ku usilikali ndi kusamutsa midzi mokakamiza. Munthu wamba ankapereka ufa kwa amene wabwera ndi mfuti usiku umenewo, m'mawa n'kuzunzidwa ndi mbali inayo chifukwa cha ufa womwewo. Kumbukiraninso kuti mu 1992 Mozambique inakhazikitsa lamulo lokhululukira milandu ya nthawi ya nkhondo, choncho olakwa ndi olakwiridwa ena amakhala mudzi umodzi mpaka lero. Wina akayamba kulira, zimitsani foni, ndipo musaumirire kuti amalize tsiku lomwelo.

5. Musaiwale zotsatira zake

Nkhondoyi inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo chifukwa cha njala ndi matenda zipatala ndi minda zitawonongeka. Malawi, amene kalembera wa 1987 anapeza kuti ali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni, anasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo anafika pochuluka kuposa eni dera, ndipo kampu ya Mankhokwe inali ngati tauni. Ku Dedza ndi Ntcheu ambiri anangolowa m'midzi ya abale awo, poti malire kumeneko ndi msewu chabe. Pa Lizulu mukangodumpha tala mwalowa Mozambique.

Funsani eni mudzi kuti malo olima anagawana bwanji, nkhuni zinkachokera kuti, mapiri anayera liti, ndi maukwati angati amene anamangidwa pakati pa alendo ndi eni dera. Funsani amalonda akale za mitengo ya katundu njanji za Beira ndi Nacala zitaduka. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unaphulitsidwa mu 1986, ndipo katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban. Kwa amene anabwerera kwawo mtendere utabwera, funsani zimene anakapeza: minda itasanduka tchire, ndi mabomba okwirira pansi amene Mozambique inalengeza kuti yamaliza kuchotsa m'malo odziwika mu 2015. Chisankho cha 1994 anapambana Chissano, koma kusamvana sikunatheretu. Cha m'ma 2016 anthu ochokera ku Tete anathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo kampu ya Luwani inatsegulidwanso.

6. Lembani, tsimikizani, sungani

Lembani zonse m'kope tsiku lomwelo mawu akadali m'khutu, pamodzi ndi tsiku, dera ndi chilankhulo chimene munacheza, kaya Chichewa, Chisena kapena Chilomwe. Anthu awiri akasiyana pa chaka kapena pa amene anawotcha mudzi, lembani zonse ziwiri ndi kusonyeza amene wanena. Dzina la munthu aliyense amene akunenedwa kuti anapha kapena kupereka anzake musalitulutse pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo wofotokozayo akapempha kuti dzina lake libisike, libiseni. Zojambulazo zisungeni malo awiri, pa memori khadi ndi pa kompyuta kapena pa intaneti. Mukamaliza bwererani kukawawerengera agogowo kuti akonze pamene mwaphonya, musiyire banjalo kope lawo, ndipo mukafunse ku National Archives ku Zomba ngati angalandire lina.