Momwe mungadzisamalirire mutachitidwa opaleshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero

Mayi akatuluka m'chipatala atachotsedwa zotupa za m'chiberekero, zimene achipatala amazitcha fibroids, abale ake amangoyang'ana mzere wa pamimba, ndipo ukauma pakatha masabata awiri amayamba kunena kuti wachira. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Pa opaleshoni yong'amba pamimba, dokotala amadula khungu, mafuta, chikopa cholimba chimene chimagwira minofu ya pamimba, kenako chiberekero chenichenicho, ndipo pomaliza amasoka zonsezi kuyambira m'kati. Khungu limapola msanga, koma zam'katizo zimafuna masabata 6 kapena kuposerapo.

Musanatuluke m'chipatala

Funsani dokotala kuti akuuzeni momveka opaleshoni imene mwachitidwa. Ngati achotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, imeneyo ndi myomectomy, ndipo mudzapitiriza kusamba komanso mukhoza kudzakhala ndi pathupi. Ngati achotsa chiberekero chonse, ndi hysterectomy, ndipo msambo umathera pomwepo. Onetsetsani kuti zimenezi zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, pamodzi ndi mlingo wa magazi anu ndi tsiku lodzabweranso. Funsaninso ngati ulusi umene akusokerani ndi wosungunuka wokha kapena wofunika kudzachotsa, umene kawirikawiri amauchotsa pakatha masiku 7 mpaka 10. Gadiyani wanu akhalepo pamene akufotokoza, chifukwa munthu amene akumva ululu sagwira zonse zimene wauzidwa.

Ulendo wopita kunyumba muukonzeretu. Kabaza wa njinga yamoto si wokwera munthu amene wangosokedwa kumene pamimba. Pezani galimoto, khalani mpando wakutsogolo, ndipo pindani chitenje kangapo n'kuchigwirizira pachilonda galimoto ikamalowa m'mabampu. Amene mumachokera kutali monga ku Makanjira, Katuli kapena Chilipa, ndipo muli ndi m'bale pafupi ndi Boma la Mangochi, ndi nzeru kuyamba mwakhala kwa iye mpaka ulusi utachotsedwa.

Masiku oyamba kunyumba

Yendani. Ambiri amaganiza kuti kuchira n'kugona tsiku lonse, koma munthu wongogona magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma cha magazicho chikayenda n'kukatseka m'mapapo chimapha. Yambani ndi kuzungulira nyumba kangapo pa tsiku, m'mawa ndi madzulo dzuwa likakhala lisakuwotcha, n'kumawonjezera mtunda pang'onopang'ono. Kuyendako kumathandizanso kuti matumbo ayambirenso kugwira ntchito ndi kuti mpweya wa m'mimba utuluke.

Podzuka musadzuke chagada, chifukwa kutero kumakoka minofu yomwe yasokedwayo. Tembenukirani cham'mbali, tsitsani miyendo pansi, kenako dzikankheni ndi chigongono. Ngati mumagona pamphasa, yambani mwagwada n'kugwira mpando kapena phewa la munthu musanaimirire. Pokhosomola, poyetsemula ngakhale poseka, gwirizirani pilo kapena chitenje chopinda pamimba.

Mankhwala ochepetsa ululu mumwe pa nthawi imene mwauzidwa, osadikira kuti ululu ufike povuta. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a Panado wa 500mg pa maola 24, ndipo asamwe oposa awiri nthawi imodzi. Brufen amamwa munthu atadya, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso auziretu dokotala. Ngati mwapatsidwa mankhwala opha tizilombo, amalizeni onse.

Chilonda

Kutentha kwa kuno ku Mangochi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, n'kovuta kwa munthu wa chilonda cha m'munsi mwa mimba, popeza mzerewo umakhala pamene khungu limapindika ndipo thukuta limadikha pomwepo. Achipatala akakulolani kuchotsa bandeji, sambani ndi madzi oyera ndi sopo wamba, madziwo angoyenderera pachilonda popanda kuchikhula, kenako muumitse pochigunditsa pang'onopang'ono ndi kansalu kochapa bwino kamene simupukutira kwina. Masana muzipeza mphindi zogona chagada n'kukweza chovala kuti papite mphepo. Chitenje mumange molefuka pamwamba pa mchombo, osati pamzerepo.

Musathowe chilondacho ndi madzi otentha monga mmene ena amachitira ndi mayi wochira kumene, ndipo musapakepo mafuta, phulusa, kapena mankhwala azitsamba. Kusamba m'nyanja, ku Malombe kapena mu Shire kudikire kaye mpaka achipatala atanena kuti papola, chifukwa madzi amenewa amalowetsa tizilombo pachilonda ndi kumaliseche komwe. Khungu lozungulira mzerewo likachita dzanzi kapena kuyabwa musadandaule; zimatenga miyezi kuti timitsempha timene tinadulidwa tibwerere.

Ntchito za pakhomo

Gawo limeneli ndi lofunika kuti aliwerengenso bambo a pakhomo, apongozi ndi ana akuluakulu. Kwa masabata 6, mayi asanyamule chinthu cholemera kuposa chigubu cha malita 5. Ndowa ya malita 20 ikadzaza madzi imalemera makilogalamu 20, ndipo pamene imavulaza kwambiri ndi poikweza kuchoka pansi kufika pamutu, chifukwa mphamvu yonse imachokera m'mimba. N'chimodzimodzi kupopa mjigo, kusinja, kulima, kusenza nkhuni kapena dengu la usipa, kuchapa mowerama, ndi kubereka mwana kumbuyo. Ngakhale kuvundula nsima ya banja lalikulu kumakoka pamimba kuposa mmene munthu angaganizire. Zotsatira za kufulumira zimatha kukhala chilonda kuphukusuka, kapena matumbo kutulukira pamene panasokedwa n'kupanga chotupa pansi pa khungu, chimene chimafuna opaleshoni ina.

Chimene chimabwezera amayi kuntchito msanga nthawi zambiri si kusamvera malangizo ayi, koma manyazi. Gadiyani amabwerera kwawo pakatha sabata imodzi, mtsuko uli gwa, ana akulira njala, ndipo mayi amaopa kunenedwa kuti akudzinyengerera. Choncho banja ligawiretu ntchito mayi asanatuluke m'chipatala: adziwike amene azitunga madzi, amene aziphika, ndi amene azisamala mwana wamng'ono. Mwanayo akafuna kunyamulidwa, mayi akhale pansi ndipo wina amuike pamiyendo. Ntchito zopepuka zochita munthu ali chikhalire, monga kusadzula ndiwo kapena kusankha mpunga, angathe kuziyamba thupi likalola. Amene achitidwa opaleshoni yoboola timabowo ting'onoting'ono pamimba amachira msanga, mwina m'masabata awiri mpaka anayi, koma nawonso atsatire tsiku limene dokotala wapereka.

Kubwezeretsa magazi

Amayi ambiri a zotupazi amafika pa opaleshoni magazi ali ochepa kale chifukwa chosamba kwambiri kwa zaka, ndipo opaleshoniyo imachotsanso ena. N'chifukwa chake chizungulire, kufooka ndi kugunda kwa mtima zimatha kupitirira chilonda chitapola. Mapiritsi owonjezera magazi amafunika kumwa miyezi ingapo, osati kusiya mukangoyamba kupeza bwino. Amadetsa chimbudzi, ndipo zimenezo si vuto, koma amathanso kuumitsa m'mimba. Musawamwere tiyi, popeza tiyi amalepheretsa ayironi, mchere umene umathandiza kupanga magazi, kulowa bwino m'thupi. Idyani usipa, utaka, chiwindi, nyemba, nandolo, bonongwe ndi chisoso, ndipo muziphatikizapo zipatso monga malambe, magwafa, mango kapena mandimu zimene zimathandiza thupi kutenga ayironiyo. Papaya, masamba ndi madzi akumwa ochuluka zimafewetsa chimbudzi kuti musamadzikanike. Pachimbudzi chokumba, kunjuta ndi kudzuka kumavuta masiku oyamba, choncho pakhale chogwirira kapena kampando koboola pakati.

Kwa Asilamu, opaleshoni ikachitika pafupi ndi mwezi wa Ramadan, chipembedzo chimalola wodwala kusiya kusala n'kudzabweza masikuwo atachira, ndiponso kuswali atakhala pansi pamene kuwerama kukuvuta.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Kuno thupi likatentha aliyense amati ndi malungo, koma kwa munthu amene wangochitidwa opaleshoni, kutentha thupi kofika madigiri 38 kapena kunjenjemera kungakhale chizindikiro chakuti chilonda kapena m'mimba mwalowa tizilombo. Musagule mankhwala a malungo pagolosale. Pitani akakuyezeni, ndipo muwauze za opaleshoniyo. Pitaninso tsiku lomwelo ngati chilonda chatupa, chikutentha, chikutuluka mafinya kapena chatseguka, ngati kumaliseche kukutuluka zonunkha kapena magazi odzaza padi pa ola limodzi, ngati mimba ikufufuma uku mukusanza ndipo mpweya sukutuluka, kapena ngati mkodzo ukuwotcha kapena sukutuluka. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pakatumba, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche. Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Monkey Bay, Namwera kapena Malindi, ndipo iwo akutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi ngati pakufunika kutero. Timagazi tochepa totuluka kumaliseche kwa masabata angapo n'tachibadwa.

Za m'banja ndi za pathupi

Kugonana kudikire masabata 6, ndiponso dokotala ayambe wakuonani. Amene chiberekero chinasiyidwa asafulumire kutenga pathupi, chifukwa chipsera cha pachiberekero chikakhala chisanalimbe chimatha kung'ambika mimba ikakula. Madokotala ambiri amalangiza kudikira miyezi 3 mpaka 6 kapena kuposerapo malinga ndi kuzama kwa pamene anadula, choncho sankhani njira yolera musanayambirenso kukhalira pamodzi. Mukadzaima, kayambeni sikelo msanga, muwauze anamwino za opaleshoniyi, ndipo mukonzekere kukachirira kuchipatala chimene chili ndi fiyeta, popeza ambiri amafunika kubereka kudzera pa opaleshoni. Amene chiberekero chinachotsedwa adziwe kuti njira ya ukazi imakhalapobe ndipo banja limapitirira monga kale akachira.

Zotupazi nthawi zambiri si khansa, koma zimatha kumeranso ngati chiberekero chilipo, mpaka pamene mayi wasiya kusamba. Mukadzaona kuti msambo wayambanso kuchuluka, ukutenga masiku ambiri, kapena m'munsi mwa mimba mukulemera monga kale, tengani buku lija mukapemphe kuti akujambuleni.