Mukapita kukaphunzira unamwino ku Scotland, gadiyani ndinu

Chibwerereni kuno ku Zomba, ana asukulu ya unamwino amandipeza ku Matawale n'kumandifunsa kuti, "Achemwali, kunja kuja munakhalako bwanji?" Ambiri amafuna kumva za kuzizira. Ine ndimayamba ndi nkhani ya gadiyani.

Kuno wodwala akagonekedwa, pambali pake pamakhala mayi ake, mkazi wake kapena mlongo wake, ali ndi ndowa, chitenje ndi kapoto ka phala. Ndi iyeyo amamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza, kumuperekeza kuchimbudzi. Ife timafika ndi mankhwala ndi jakisoni. M'chipatala chomwe ndinkaphunziramo ku Glasgow zimenezi kulibe. Achibale amadzazonda, akatero n'kumapita kwawo. Sabata yoyamba ndinasambitsa agogo aamuna azaka zoposa 80, kuwameta ndevu, kuwasintha thewera. Manja ankachita kunjenjemera, paja kwathu mtsikana saona thupi la agogo ake aamuna. Ndiye musanakwere ndege, pemphani muwodi kuti odwala ena muziwasambitsa nokha pabedi, ngakhale gadiyani ali pomwepo. Phunzirani kutembenuza munthu wolemera muli awiri popanda kuthyola msana. Zolowerani kuyamba mwapempha: muuzeni wodwala dzina lanu ndi chomwe mukufuna kuchita, mudikire avomere. Akakana wakana, inu mulembe.

Kulembako ndi mutu wina. BP, kutentha kwa thupi, kapumidwe, kugunda kwa mtima, zonse zimalowa pa tchati chotchedwa NEWS2, chomwe chimapereka mapointi. Akafika 5 simudikira raundi ya mawa, mumaitana akuluakulu pompo. Apa ndi pomwe ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo salankhula asanafunsidwe. Kumeneko madokotala ambiri amafuna muwatchule dzina lawo loyamba, muwayang'ane, munene zomwe mwaona mosazungulira. Ine ndinatha mwezi ndikuwerama, mpaka namwino wina wamkulu anandikokera pambali n'kundifunsa ngati pali chomwe ndikubisa.

Chingerezi cha ku Glasgow si chija cha mayeso a IELTS. "Aye" ndi inde, "wee" ndi kanthu kakang'ono, ndipo amalankhula ngati akuthamangira minibasi yomaliza ya ku Songani. Posiyirana ntchito m'mawa khalani ndi kapepala, ndipo musachite manyazi kuwauza kuti abwereze. Kugwedeza mutu musanamve mlingo wa mankhwala n'koopsa kuposa kuoneka mbuli.

Muwodi mkono uzikhala wopanda kanthu kuyambira pachigongono: wotchi ayi, zibangili ayi, zopaka m'zikhadabo ayi. Pa nsapato musaumire, shifiti ndi ya maola 12.

Kuzizira ndinkadzitama nako, ndinkati mwana wokulira m'tsinde mwa phiri la Zomba, wodziwa chiperoni cha mu Julayi, angaope chiyani? Jekete ya pakaunjika mumsika wathu uno inandisungadi, bola musankhe yosalowa madzi chifukwa mvula yake ilibe nyengo. Chomwe chinandifoola ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, n'kulowa 4 isanakwane. Ukulowa ntchito kuli mdima, ukuweruka kuli mdima, mtima umangolemera osadziwa chifukwa. Tsiku lopuma tulukani masana muyendeko, ndipo imwani vitamin D. A NHS, bungwe la boma loona zaumoyo kumeneko, amalangiza ma microgram 10 patsiku m'miyezi yozizira.

Zamapepala n'zachidule. Viza yopitirira miyezi 6 imafuna kuyezetsa TB musananyamuke. Tengani khadi la katemera, makamaka wa hepatitis B, ndipo mukangofika kalembetseni kwa GP, dokotala wa m'dera lomwe mukukhala, musanadwale. Nyama ndi mkaka musanyamule, saloleza. Ufa umapezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa, kwenikweni wa ku South Africa, koma mthiko longezani wanu. Mapulagi ndi ofanana ndi athu. Poimbira amayi kumbukirani kuti nthawi yozizira ya ku Scotland, kuno timakhala patsogolo ndi maola awiri, mukaweruka 8 usiku iwo agona kale.

Kwathu kukakusowani kwambiri, kwerani sitima pa Glasgow Central mupite ku Blantyre ya ku Scotland, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Si kutali. Ine ndinajambulitsa pachikwangwani cha pasiteshoni n'kuwatumizira amayi pa WhatsApp, iwo n'kundiyankha kuti ngati ndafika ku Blantyre ndiwagulireko chitenje ku Limbe.