Malangizo kwa Munthu Wamkulu Amene Ayamba Kuphunzira Kuchova Njinga

Malangizo awa alembedwera amuna ndi akazi amene agula kapena kulandira njinga koma sanaphunzire kuchova pa ubwana wao. Cinthu coyamba cimene thupi lifunika kuzolowera ndi kukhazikika pa njinga pamene iyenda, ndipo kuponda mapedulo kumabwera pambuyo pake.

Musanakwere, onani ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira, popeza mlingo wake umalembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo mugwedeze cishalo ndi mahandulo kuti mutsimikize kuti n'zomangika zolimba. Tsitsani cishalo kufikira mapazi onse awiri aponda pansi mokwanira inu muli cikhalire. Valani helemeti ndi kumanga lamba wake pansi pa cibwano, ndipo muvale nsapato zotseka m'malo mwa mapatapata. Amai amene avala citenje acipinde bwino kuti cisakodwe mu cheni kapena m'masipoko.

Dziwani mabuleki a njinga yanu musanayambe kuyenda nayo. Ngati ali kumahandulo, nthawi zambiri la kumanja limagwira gudumu la kutsogolo, koma muyese nokha mwa kukankha njinga muli pansi ndi kufinya limodzi-limodzi. Pamene mwakwera muzifinya onse awiri mwapang'ono-pang'ono, cifukwa kufinya la kutsogolo lokha mwadzidzidzi kungakugwetseni camutu. Njinga zambiri za Buffalo zimaima mukaponda pedulo cakumbuyo, conco mapedulo ake musawacotse pophunzira. Pa njinga ya mabuleki a kumahandulo mungathe kucotsa mapedulo ndi sipanala ya 15 mm kuti asakumenyeni m'miyendo, koma kumbukirani kuti pedulo la kumanzere limamasuka mukalizungulitsa mmene mivi ya nkoloko imayendera, mosiyana ndi linzake.

Sankhani malo athyathyathya ndi olimba kumene sikupita magalimoto, monga bwalo la mpira ana akaweruka. Pewani mcenga ndi matope, cifukwa gudumu la kutsogolo limatitimira ndi kukhota lokha. Khalani pa cishalo, yendani ndi mapazi, kenaka dzikankheni mwamphamvu ndi kunyamula mapazi onse awiri kuti njinga iyende yokha. Maso akhale patsogolo, pa mtengo kapena pa golo, osati pa gudumu, pakuti njinga imalowera kumene maso ayang'ana. Ikapendekera kumanzere, khotetsani mahandulo pang'ono cabe kumanzere komweko ndipo idzaongoka. Ikapendekera kumanja, citani cimodzimodzi kumanja. Ambiri amaumitsa mikono ndi kuyenda pang'onopang'ono kwambiri cifukwa ca mantha, komatu njinga imavuta kwambiri kuilamulira pamene ilibe liwiro. Gawo limeneli lisafulumizidwe, ngakhale litatenga masiku angapo. Pitirizani kufikira mutakwanitsa kuwerenga mpaka 10 mapazi ali m'mwamba, mobwerezabwereza.

Mukafika pamenepo, bwezerani mapedulo ngati munawacotsa. Ikani pedulo la mwendo umene mumaudalira m'mwamba cakutsogolo pang'ono, lipondeni mwamphamvu, ndipo phazi linalo lipeze pedulo lake popanda kuyang'ana pansi. Poima, yambani mwagwira mabuleki, ndipo mutsitse phazi njinga ikatsala pang'ono kuima. Pambuyo pake yesani kuzungulira mabwalo aakulu mbali zonse ziwiri, kenaka kuyenda molemba nambala 8, ndipo pa kona yothina pedulo la mkati likhale m'mwamba kuti lisakhudze pansi. Pamene muzolowera, kwezani cishalo pang'ono-pang'ono kufikira bondo litsala lopindika pang'ono pedulo likafika pansi.

Wokuthandizani asagwire mahandulo, cifukwa akatero ndiye amene aongolera njinga ndipo inu simuphunzira kanthu. Agwire kumbuyo kwa cishalo kapena kukucirikizani pamsana, ndipo akuuzeni asanakusiyeni.

Keliyala ya njinga ya Buffalo inapangidwa kuti inyamule katundu wofika makilogalamu 100, koma musamangepo thumba la cimanga kapena la malasha, ndipo musakweze mwana, kufikira mutadziwa kunyamuka, kukhota ndi kuima popanda kugwedezeka. Katundu amasintha kakhazikikidwe ka njinga ndi kutalikitsa mtunda woimira, conco yambani ndi wopepuka.

Musanalowe mu mseu, phunzirani kuceuka kumanja ndi kuonetsa cizindikiro ndi dzanja limodzi njinga osasiya mzere wake. M'Zambia timayenda kumanzere kwa mseu, ndipo wochova njinga ayenera kutsatira malamulo a pa mseu a m'buku la Highway Code monga woyendetsa wina aliyense. Yambani ndi tinjira tamkati, ndipo miseu ikuluikulu monga Great East Road, mmene mumapita malole ndi mabasi othamanga, muilowe pokhapo mutazolowera ndithu. Ngati mudzayenda kutada, ikani nyali yoyera kutsogolo ndi conyezimira cofiira kumbuyo, ndipo muvale zovala zooneka patali.