Momwe mungadziwire mtundu wa ndege yakale yamapulopela pa chithunzi

Malume anga anandisiyira katoni ya zithunzi ndi mapositikhadi a ndege, zambiri za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, koma pa zonsezo sanalembepo dzina la ndege ngakhale imodzi. Ndalimbana nazo zaka zinayi tsopano, ndipo njira yomwe ndimatsata ndi iyi.

Yambani ndi kuwerenga mainjini. Mukaona atatu, ina ili pamphuno penipeni, thupi lonse lili mizeremizere ngati malata a denga, musavutike nayo. Ngati mapiko ali pamwamba pa thupi, ndi Ford Trimotor ya ku America. Ngati ali pansi, ndi Junkers Ju 52 ya ku Germany, yomwe South African Airways inkayendetsa m'zaka za m'ma 1930.

Pa ndege za mainjini awiri mpamene ine ndinachititsidwa manyazi, choncho apa tikhalitsepo pang'ono. Ndege yoima chopendekera, mphuno m'mwamba, kumchira kuli katayala kakang'ono, aliyense amathamangira kunena kuti ndi Dakota, ija dzina lake lenileni ndi Douglas DC-3. Simungawanene. Inayamba kuuluka mu December 1935, ndipo zinapangidwa zoposa 16,000 tikaphatikiza zankhondo ndi zomwe zinkapangidwa ku Soviet Union ndi ku Japan. Nayo Air Malawi itakhazikitsidwa mu 1964 inali ndi ma Dakota. Ndiye nditapeza chithunzi cha ndege yotere, kuseri atangolemba kuti Salisbury (Harare wa lero), sindinaganize kawiri. Ndinakachikulitsa, ndinagula fulemu yodula bwino, pansi pake n'kulemba ndi maka yakuda kuti Dakota. Chinakhala pabalaza miyezi isanu ndi umodzi, alendo akuchiyamikira.

Tsiku lina kunabwera agogo ena a kumpingo kwathu omwe anagwirapo ntchito pa bwalo la ndege ali anyamata. Anaimirira pafupi, n'kukweza magalasi pamphumi, kenako anangoti, "Mwana wanga, Dakota ilibe mimba yotere. Iyi ndi Viking."

Ankanena zoona. Vickers Viking ndi ya ku Britain, inayamba kuuluka mu 1945, ndipo Central African Airways, kampani ya ndege ya chitaganya, inali nazo pamodzi ndi ma Dakota, utoto wake n'kumafanana. Posiyanitsa, onani pomwe phiko lalumikizira thupi. La Dakota limachokera pansi penipeni pa mimba, ndipo m'mphepete mwake mwakutsogolo mumabwerera m'mbuyo pamene mwakumbuyo muli mowongoka. La Viking limalowa cha pakati pa thupi, mimba yonenepa n'kulendewera kunsi kwake. Ndikanangoona zimenezi basi. Maka ija sinafufutike, ndinalipiranso kachiwiri kuti andisindikizire china.

Zilembo zapathupi kapena pamchira zimathandiza kwambiri, ndipo iyi ndiye njira yachidule. VP-Y ndi ndege za m'chitaganya, kuphatikizapo za Central African Airways, 7Q ndi Malawi, 9J Zambia, ZS South Africa, G Britain, N America. Zikaoneka zonse, zilembeni pa intaneti, nthawi zambiri mtundu wa ndege umatuluka pompo. Galasi lokulitsira la mtengo wotsika la m'sitolo ya mabuku ndi lokwanira, musatayire ndalama pa lodula.

Chenjeraninso ndi ogulitsa zithunzi pa Facebook. Wina anandigulitsa "positikhadi yeniyeni ya 1958" yomwe itafika inali pepala losindikiza dzulodzulo, mitundu yochita kupaka ndi kompyuta, zilembo zapamchira zosawerengeka. Muuzeni akujambulireni kuseri kwake musanatumize ndalama. Akayamba kuzemba, msiyeni.

Tibwere ku za mainjini anayi. Ya michira itatu, msana wopindika ngati nsomba, ndi Lockheed Constellation, imeneyo ngakhale mwana amaidziwa. Ya thupi looneka ngati 8 ukaiyang'ana kutsogolo, ya zipinda zam'mwamba ndi pansi, ndi Boeing 377 Stratocruiser, ndipo zinangopangidwa 56. Ya mawindo akuluakulu ooneka ngati dzira, mainjini aatali owonda, ndi Vickers Viscount. Imeneyi ambiri kwathu kuno anaiona ndi maso pa Chileka, ndipo akuluakulu amaikumbukira ndi kulira kwake kwa likhweru, chifukwa mainjini ake a Rolls-Royce Dart sanali a mapisitoni. Central African Airways inalandira zake mu 1956, Air Malawi nayo inadzakhala nazo.

Zovuta ndi zitatu za kampani ya Douglas: DC-4, DC-6 ndi DC-7. DC-4 mawindo ozungulira, DC-6 mawindo a makona anayi, ngakhale makampani ena ochenjera ankapaka utoto wa makona anayi kuzungulira mawindo a DC-4 kuti ioneke yatsopano. DC-6 ndi DC-7 muwerenge timapiko ta pulopela: titatu DC-6, tinayi DC-7.

Za mainjini awiri a Dart: mapiko pamwamba Fokker F27, mapiko pansi HS 748, yomwe Air Malawi inalinso nayo.

Kuti musaiwale, ipatseni iliyonse dzina lanulanu. Kwa ine Viking ndi chimimba, Ju 52 ndi malata, Viscount ndi mazira. Dzina lenileni lembani kuseri kwa chithunzi, ndi pensulo.