Mmene mungalolere Mulungu kusintha zimene mwakonza

Ambiri a ife kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje timakonza chaka potsatira mvula ndi tiyi, podziwa kuti masamba amachuluka kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'miyezi imeneyi ndi mmene ntchito ya ku esiteti imapezeka. Kukonzeratu si tchimo. Pa Yakobo 4:13-15 amalonda sakudzudzulidwa chifukwa chokonza ulendo wa chaka chathunthu, koma chifukwa choiwala kunena kuti zidzatheka Ambuye akalola. Choncho lembani zimene mukufuna kuchita, muzitchule chimodzichimodzi m'pemphero, kenaka mudzifunse moona mtima kuti ndi chiti chimene simungalole kuti Mulungu achikhudze. Chimenecho ndicho muyenera kuchipempherera nthawi yaitali.

Njira ikatsekeka, musafulumire kunena kuti ndi Satana kapena kuti wina wakulodzani. Pa Machitidwe 16:6-10 Paulo ndi anzake anafuna kulalikira ku Asiya, Mzimu Woyera anawaletsa. Anayesa kulowa ku Bituniya, analetsedwanso. Sanauzidwe chifukwa chake, ndipo sanakhale pansi kudikira kuti aone masomphenya, koma anapitiriza ulendo mpaka ku Trowa, kumene Paulo anaona usiku munthu wa ku Makedoniya akupempha thandizo. Chitsogozo chinawapeza ali paulendo. Inunso ntchito ikatha kapena ulendo wa ku Joni ukalephereka, pitirizani kugwira chimene chili pafupi, kaya ndi kupalira nandolo kapena kugulitsa nanazi pa Chitakale, uku mukutchera khutu.

Kusintha kwina kumabwera mopweteka. Alimi a ku Thekerani ndi ku Molere anaona nthochi zawo zikutha ndi matenda a chisaka, alangizi n'kuwauza kuti azule zonse asanabzale mbewu yatsopano, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba, minda ndi abale athu. Sikoyenera kuuza wofedwa kuti Mulungu anachita zimenezi kuti amuphunzitse kanthu, pakuti palibe wa ife amene anaululiridwa zotero. Chimene mungapemphere pa nthawi ngati imeneyo n'chakuti akusonyezeni choti muchite mawa m'mawa, ndiponso akupatseni mtima wolandira thandizo kuchokera kwa anthu amene simunawaganizire.

Chovuta kwambiri ndi kusiyanitsa mawu a Mulungu ndi chilakolako cha mtima wanu, chifukwa ziwirizi zimamveka zofanana, makamaka pakati pa usiku. Samueli ali mwana anaitanidwa katatu osadziwa woitanayo, mpaka Eli, nkhalamba ya maso ofooka, anamuzindikiritsa. Tengani loto kapena maganizo anuwo mupite nawo kwa mkulu wa mpingo, kwa mayi wokhwima wa Mvano kapena wa Dorika, kapena kwa anzanu a kumphakati, ndipo musankhe munthu amene saopa kukukanizani. Ngati muli pabanja, mkazi kapena mwamuna wanu amve nkhaniyo musanagulitse mbuzi. Muyesenso ndi Malemba, monga 1 Yohane 4:1 amalamulira: mawu okuuzani kusiya ana opanda chakudya, kuthawa ngongole ya banki mkhonde kapena kuleka mankhwala a kuchipatala sachokera kwa Mulungu, ngakhale atanenedwa ndi munthu wodzitcha mneneri, ndipo amene akufuna ndalama asanakuuzeni uthenga mumusiye.

Zonsezi zikagwirizana, yambani pang'ono. Mbewu yatsopano iyeseni pa mizere ingapo musanasinthe munda wonse, ndipo ngati mukumva kuti mwaitanidwa ku utumiki, pemphani kaye kuphunzitsa ana pampingo panu kapena kuyendera odwala kwa miyezi ingapo, kenaka mubwerere kwa amene anakulangizani aja mukawafotokozere zimene mwaona, musanalembe kalata yosiya ntchito.