Kamatidwe ka nitrophenyl pa elekitirodi ya glassy carbon

Mwafunsa momwe mungamatire nitrophenyl (kagulu ka maatomu) pa elekitirodi ya glassy carbon (kaboni wolimba wonyezimira ngati galasi) pogwiritsa ntchito mchere wa diazonium. Musanayambe, konzani potentiostat (makina olamulira voteji ndi kuyeza magetsi odutsa), acetonitrile (chosungunulira mankhwala) wopanda madzi, ufa wa alumina ndi 4-nitrobenzenediazonium tetrafluoroborate (mchere wa diazonium uja), yemwe amasungidwa mufiriji kutali ndi kuwala ndipo sayenera kutenthetsedwa ali wouma.

1. Kwechani elekitirodi ndi alumina wa 0.05 µm mpaka iwale ngati kalilole, kenaka muitsuke bwinobwino.
2. Sungunulani 1 mM ya mchere wa diazonium mu acetonitrile wokhala ndi 0.1 M tetrabutylammonium tetrafluoroborate (mchere wina wothandiza kuti magetsi aziyenda).
3. Lowetsani nayitrojeni kwa mphindi 10 kuti okisijeni atuluke.
4. Yendetsani cyclic voltammetry (kusintha voteji kupita ndi kubwerera uku mukuyeza magetsi odutsa) kuchokera pa +0.5 V kufika pa −0.5 V poyerekeza ndi elekitirodi yoyerekezera ya Ag/AgCl. Ulendo woyamba muona nsonga yotakata pa girafu, yomwe imazimiririka ulendo wachiwiri chifukwa pamwamba paphimbika. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, poti amabwereza kambirimbiri, ndipo ma radical (tizidutswa ta nitrophenyl tochokera ku mchere wa diazonium) atsopano amamatirira pa omwe anamata kale mpaka chophimbacho chimakhuthala ndi kutseka njira ya ma elekitironi. Maulendo awiri ndi okwanira.
5. Tsukani elekitirodi mu acetonitrile, kenaka muiyese ndi cyclic voltammetry mu ferricyanide (mankhwala oyesera ngati ma elekitironi akudutsa). Nsonga zake zikachepa, ndiye kuti nitrophenyl wamata.